Mmene bandi ya rock ingayimbire koyamba pa bala yaing'ono n'kuitanidwanso

Funso lake ndi limodzi lomwelo, kaya labwera pa kauntala kaya pa foni pakati pa usiku: "Tili ndi bandi, timayimba rock, titani kuti tidzayimbe pa bala imene mumagwirapo ija?" Ndayankha mpaka pakamwa kuuma. Ndiye ndalemba pano kamodzi n'kamodzi, wondifunsanso ndizingomulozera kuno.

Bala imene ndikunena ndi ya m'dera, yopanda zokongoletsa: magetsi ozirala, mipando yosafanana, makoma odzaza mapepala olengeza mashowo akalekale, ndi kasiteji pakona pomwe anthu anayi amakwanapo mothinana. Makasitomala ake ndi omwewo sabata ndi sabata, ndipo wogulitsa amadziwa chimene aliyense amamwa asanatsegule pakamwa. Musaidelere bala yotere. Bala ya CBGB ya ku New York, imene Hilly Kristal adatsegula mu 1973 mumsewu wa Bowery, inali yothina ndi yauve, koma ndi mmene mabandi a Ramones, Television ndi Blondie adakulira, ndipo idagwira ntchito mpaka 2006. Komabe inu musapite ndi maganizo okapanga mbiri. Mukupita kukayimba mphindi 40 m'chipinda cha munthu amene amadya chifukwa chogulitsa mowa. Anthu akakhala, akumwa, akumva mawu a nyimbo zanu, mudzaitanidwanso. Akathawira panja atagwira makutu, ngakhale wagitala wanu akhale katswiri wotani, tsiku lachiwiri simudzaliona.

1. Pitani kaye ngati kasitomala

Musanalembe uthenga uliwonse, pitani usiku umene kukuyimba bandi ina. Gulani chakumwa, ngakhale chozizilitsa kukhosi, khalani chakumbuyo n'kumayang'ana. Siteji ndi yaikulu bwanji? Ng'oma ndi za pamalopo kapena bandi yabwera ndi zake? Masipika alipo angati, ndipo mukutuluka mawu a woyimba okha kapena zida zonse? Pa mikisa, chida chosakanizira ndi kukwezera mawu opita ku masipika, pakhala munthu usiku wonse, kapena wogulitsa mowa yemweyo ndi amene amathamangirako zinthu zikavuta? Anthu amadzaza nthawi yanji? Nyimbo zimazima nthawi yanji? Bala ya m'dera imakhala ndi anthu ogona kuseri kwa khoma, choncho nthawi yozimitsa siyosewera nayo.

Musanachoke, funsani wa pa kauntala kuti amene amasankha mabandi ndani, ndipo amakonda kumupeza bwanji. Nthawi zambiri sakhala mwini bala. Amatha kukhala wa pa mikisa, kapena woyimba wina amene adapatsidwa usiku umodzi pa sabata kuti aziyendetsa. Mufunse pamene kauntala yapepuka, osati pamene ali ndi mabotolo asanu m'manja.

2. Uthenga ukhale waufupi ndipo musaname

Dzina la bandi, mtundu wa nyimbo m'chiganizo chimodzi, kuchuluka kwanu ndi zida zimene mumayimba, vidiyo imodzi, masiku amene muli okonzeka, nambala ya munthu mmodzi wolankhula naye. Basi. Mbiri ya mmene mudakumanirana kusukulu isungeni.

Vidiyoyo ikhale yojambula mukuyimba pamodzi, ngakhale ndi foni m'chipinda chophunziriramo. Nyimbo yokonzedwa bwino pa kompyuta siuza wosankha mabandi chimene akufuna kudziwa, chomwe ndi chakuti anthu anayiwa akayamba nyimbo amafika kumapeto limodzi kapena ayi.

Adzakufunsani kuti mungabweretse anthu angati. Apa ndi pamene ambiri amadzikola okha. Owerengedwa pa Facebook kapena Instagram si anthu obwera. Lembani mayina a amene mukudziwa kuti adzatuluka m'nyumba usiku wa pakati pa sabata chifukwa cha inu, chotsani theka, nenani chiwerengero chotsalacho. Bandi imene idalonjeza anthu 15 n'kubwera ndi 20 imakumbukiridwa bwino. Imene idalonjeza 80 n'kubwera ndi 20 omwewo yanama, ndipo osankha mabandi a mabala oyandikana amacheza.

Pemphani kukhala bandi yotsegulira, tsiku la pakati pa sabata. Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku amene bala imapezera lendi, sangawapereke kwa anthu amene sanawamvepo. Pakatha sabata osayankhidwa, kumbutsani kamodzi mwaulemu, kenako dikirani.

3. Za ndalama mukambirane tsiku lisanafike

Njira zolipirira zimene mudzakumane nazo ndi zinayi, ndipo muyenera kuzidziwa zonse. Guarantee ndi ndalama yokhazikika imene mumalandira kaya kwabwera anthu kaya ayi. Bandi yatsopano siimaipeza kawirikawiri. Door deal ndiye kuti anthu amalipira pakhomo, mabandi n'kugawana zimenezo, nthawi zambiri atachotsapo za wa pa mikisa ndi za wokhala pakhomo. Njira yachitatu ndi gawo la zimene kauntala yagulitsa usiku umenewo. Yachinayi ndi chipewa kapena chidebe choyenda pakati pa anthu, aliyense n'kuponyamo zimene mtima wake wafuna.

Iliyonse mwa zimenezi ilibe vuto bola mwaidziwa msanga. Funsani kuti chikuchotsedwa n'chiyani musanagawane, mabandi akugawana mofanana kapena womaliza amatenga zambiri, akuwerenga anthu pakhomo ndani, mukulandira kwa ndani ndipo nthawi yanji. Funsaninso za zakumwa. Mabala ena amapatsa woyimba aliyense chakumwa chimodzi kapena ziwiri, ena amalemba ngongole n'kudula pa malipiro. Ndaonapo bandi ikutuluka ili ndi ngongole m'malo mwa malipiro chifukwa anzawo obwera kudzaonera ankangoti "lembani pa bandi". Mayina a olowa ulere akhale ochepa, chifukwa aliyense wolowa ulere wadya ndalama yanu yomwe.

Zonsezi zikhale pa uthenga wolemba, ngakhale wa pa WhatsApp. Si kusakhulupirirana. Nthawi ya 1 koloko usiku, aliyense atatopa ndipo ena atamwa, palibe amakumbukira bwino zimene adanena masabata atatu apitawo.

Chimodzi chokha chimene ndimauza aliyense kuti akane: kugula matikiti inu eni kuti mukagulitse nokha, osagulidwa n'kukhala luzi yanu. Pamenepo ndinu kasitomala, osati bandi.

4. Konzani nyimbo za nthawi imene mwapatsidwa, n'kuchotsapo imodzi

Mwapatsidwa mphindi 40? Konzani za mphindi 35. Yesezani ndi wotchi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osaima, kuphatikiza kuchuna magitala, kumwa madzi ndi kulankhula. Kupyola nthawi n'kubera bandi yobwera pambuyo panu, popeza nthawi yozimitsa siisuntha.

Set list, pepala la mndandanda wa nyimbo, lilembedwe ndi cholembera chachikulu chakuda, aliyense lake, lomatidwa pansi ndi tepi. Pa siteji pamakhala mdima ndipo foni imazima pamene mukuifuna. Nyimbo yoyamba ikhale imene mungayimbe ngakhale mukunjenjemera, osati yovuta kwambiri. Nyimbo zitatu zoyambirira zilumikizane popanda kupuma kwautali. Zimene zimafuna kuchuna gitala mwa mtundu wina ziikeni pamodzi kuti musamapotokole makiyi kangapo anthu akudikira. Ngati muli ndi nyimbo ya ena imene anthu amaidziwa, imodzi pakati imathandiza kutembenuza mitu ya okhala pa kauntala, koma funsani kaye, mabala ena amafuna nyimbo zanuzanu zokha.

5. Katundu

Backline ndi zida zolemera zimene zimakhala kumbuyo kwa oyimba: ng'oma ndi maampulifaya. M'bala yaing'ono mabandi atatu sangabwere ndi ng'oma zitatu, palibe poziika. Gwirizanani msanga kuti akubweretsa ndani. Ngakhale mubwereke ng'oma, wang'oma amabwera ndi snare yake (ng'oma yaing'ono ya pakati pa miyendo), ma cymbal ake (mbale zachitsulo zomenya), pedulo yake ya ng'oma ya phazi ndi timitengo take. Zimenezi ndi zimene zimasweka, ndipo sabwerekana. Abweretsenso kalapeti kakang'ono koyala pansi, apo ayi ng'oma ya phazi izidzathawa pang'onopang'ono mpaka mwendo kulephera kuifikira.

Wagitala ndi wabesi: nsambo zapadera, mawaya awiri owonjezera, mabatire, lamba wa gitala amene sathothoka, ndi tuner, kachida kochunira, ya pansi imene imadula mawu pochuna. Nsambo zatsopano muike masiku awiri tsiku lisanafike kuti zikhazikike, osati madzulo omwewo. Onse achune ma tuner ali pa muyezo umodzi wa 440, chifukwa tuner imodzi ikasunthidwa mwangozi, bandi yonse imamveka yosachuna popanda wodziwa cholakwa. Ekisitenshoni yanuyanu, tepi yolimba ndi tochi. Chilichonse chilembedwe dzina, mawaya akuda onse amafanana mumdima.

6. Kufika ndi kulumikiza magetsi

Nthawi ya load-in, yolowetsa katundu, ndi nthawi yofika nonse, osati woyamba wa inu. Perekani moni kwa wa pa kauntala ndi wa pa mikisa, dziwani mayina awo, funsani poika zikwama za zida. Musatseke njira ya kuchimbudzi kapena khomo lotulukira pangozi.

Poyatsa, mikisa ndi mapedulo a magitala, timabokosi toponda tosintha mawu, ziyambe, maampulifaya ndi masipika amalize. Pozimitsa, maampulifaya ndi masipika ayambe. Musazule waya wa gitala kapena wa maiki musanauze wa pa mikisa, kuphulika kumene kumamveka kuja kumatha kuwononga sipika.

Mabala akale amakhala ndi mawaya akale. Mukamva kung'ung'uza mu ampulifaya, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti mwalumikiza pamzere umodzi ndi mafiriji kapena magetsi okongoletsa. Yesani soketi ina. Chimene simuyenera kuchita ngakhale wina akuuzeni kuti amatero nthawi zonse ndi kuthyola kapena kumata phini ya earth pa pulagi kuti kung'ung'uzako kuthe. Phini imeneyo ndi imene imateteza kuti magetsi asadutse mwa inu pamene dzanja lili pa nsambo, milomo ili pa maiki. Les Harvey, wagitala wa Stone the Crows, adafa pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maiki imene inali ndi magetsi. Maiki ikakulumani pamlomo ngakhale pang'ono, imani, nenani, vutolo lipezeke musanapitirire.

7. Kukula kwa phokoso

Malangizo ambiri akafika pa soundcheck, kuyesa mawu a zida musanayambe kuyimbira anthu, amangoti "chitani soundcheck" n'kupitirira. Koma mabandi ambiri amene sindidawaonenso adagwera pano, osati pa luso.

Mvetsani kaye mmene chipindacho chimagwirira ntchito. M'holo yaikulu chida chilichonse chimakhala ndi maiki yake, ndipo wa pa mikisa ndi amene amasakaniza zonse. M'bala yaing'ono masipika amanyamula mawu a woyimba basi, mwina ndi ng'oma ya phazi pang'ono. Ng'oma, magitala ndi besi anthu amazimva kuchokera pa siteji penipeni. Wa pa mikisa ali ndi batani lokweza woyimba, koma alibe batani lotsitsa wang'oma. Kusakaniza kuli m'manja mwanu.

Batani lokweza woyimbalo nalonso lili ndi polekezera. Maiki ikakwezedwa kwambiri imayamba kutola mawu otuluka mu sipika n'kuwabwezera mu sipika momwemo, kuzungulirazungulira, mpaka kulira kobaya m'makutu kuja kumene timati feedback. Chipinda chikakhala chaching'ono, cha makoma olimba ndi denga lotsika, polekezerapo pamafika msanga. Ndiye woyimba akafika pamene sangakwezedwenso, zida zonse ziyenera kukhala pansi pake. Palibe njira ina.

N'chifukwa chake m'bala yaing'ono ndimayamba soundcheck ndi woyimba, ngakhale ambiri adazolowera kuyamba ndi ng'oma. Ayimbe ndime yamphamvu ya nyimbo yeniyeni ndi mawu ake onse, osati "wanu, thuu" wonong'ona. Wa pa mikisa akweze mpaka kulira kutangotsala pang'ono kuyamba, abwezeko pang'ono. Pamenepo ndiye muyezo wa usiku wonse. Kenako ng'oma zilowe pansi pa muyezowo, besi, magitala pomaliza.

Woyimba ali ndi mbali yake. Maiki imene mudzaipeze m'mabala ambiri ndi Shure SM58, imene idatuluka mu 1966, kapena ina yopangidwa mofanana nayo. Imamva bwino kutsogolo, kumbuyo kwake ndi yogontha. Choncho monita, sipika ya pansi imene woyimba amadzimvera, ikhale kumbuyo kwenikweni kwa maiki, ndipo masipika a anthu akhale pakati pa mzere wa maiki ndi anthuwo, osati kumbuyo kwa oyimba. Milomo ikhale pafupi mpaka kukhudza chitsulo. Mukachepetsa mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maiki ndi theka, mawu olowa amakwera ndi ma decibel (muyezo wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 6, popanda wa pa mikisa kukhudza kanthu. Musafumbate mutu wa maiki ndi chikhatho monga mumaonera m'mavidiyo. Mukatero mwatseka timabowo takumbuyo timene timaipangitsa kukhala yogontha mbali imeneyo, ndipo imayamba kumva konsekonse n'kulira. Pakati pa ndime, musatsitse dzanja maiki n'kuloza monita.

Tsopano wang'oma, amene ndi mwini phokoso la bandi yonse. Pa kasiteji kotere amakhala phazi limodzi kapena awiri kumbuyo kwa woyimba, ndipo ma cymbal ake ali pamsinkhu umodzi ndi maiki. Maiki ija imamva kutsogolo kwake, komwe kuli pakamwa pa woyimba, komanso ma cymbal amene ali kuseri kwa mutu wake. Wa pa mikisa akakweza woyimba, wakwezanso ma cymbal. Ndi chifukwa chake anthu amadandaula kuti "kukungomveka zitsulo". Mankhwala ake ndi dzanja: ng'oma zimenyedwe ndi mphamvu yokwanira, ma cymbal amenyedwe mopepuka. Timitengo topepuka ta 7A m'malo mwa 5B timathandiza, ma rods, omwe ndi timitengo ting'onoting'ono tomangidwa pamodzi, amathandiza koposa. Kansalu kapena tepi m'mphepete mwa snare, pilo m'kati mwa ng'oma ya phazi. Ngati malo alola, woyimba asunthire pambali pang'ono kuti asaime kutsogolo kwenikweni kwa crash, cymbal yaphokoso kwambiri.

Zimenezi sizingaphunziridwe madzulo omwewo. Wang'oma amene adazolowera kumenya ndi phewa lonse, mukamuuza kuti atsitse, amayamba kuchedwetsa nyimbo, chifukwa m'thupi mwake mphamvu ndi liwiro zidalumikizana. Ndipo ikafika nyimbo yachitatu, magazi atatentha, amabwerera mwakale. Yambani masabata angapo tsiku lisanafike: pa kuyeseza kulikonse, yimbani nyimbo zonse kamodzi woyimba akumveka bwino pa sipika imodzi yosakwezetsa. Poyamba adzakwiya, adzati rock siiyimbidwa choncho. Mulekeni akwiye, ayeseze. Ine wang'oma amene amatha kusunga liwiro ndi ukali wa nyimbo akumenya mofatsa ndimamuika pamwamba pa amene amathyola timitengo.

Wagitala vuto lake ndi lina. Mawu akuthwa a gitala amatuluka mu sipika ya ampulifaya molunjika ngati kuwala kwa tochi. Ampulifaya ikakhala pansi kumbuyo kwanu, imawomba m'miyendo yanu, n'kupitirira kukalasa kumaso kwa amene wakhala pa tebulo loyamba. Inu pamwambapo mukumva mawu obuntha, mumakweza, mumawonjezera treble (mawu akuthwa), tebulo loyamba n'kusamuka. Makutu sali m'mawondo. Ipendekeni ampulifaya kuti iloze mutu wanu, kapena iikeni pa mpando, kapena pambali pa siteji iloze kwa anzanu osati kwa anthu. Mukangotero mudzatsitsa nokha popanda wokuuzani.

Ampulifaya ya mawati 100 ndi masipika anayi isiyeni kunyumba. Ya mawati 15 mpaka 30 imakwana. Kuwirikiza mawati kumangowonjezera ma decibel 3, choncho yaikuluyo sikupatsani zambiri kupatula msana wopweteka ndi batani limene simungalipititse pa 2. Ngati ampulifaya yanu imakoma pokhapokha itakwezedwa, ukali wake muutenge pa pedulo. Ndipo mukaona kuti gitala ikusowa bandi yonse ikalowa, musathamangire volume. Kawirikawiri distortion (ukali wa mawu a gitala) yachuluka ndipo mid (mawu apakati) mwaichotsa. Mawu amenewo amakoma muli nokha kuchipinda, koma pakati pa ma cymbal ndi besi amasungunuka. Tsitsani gain, batani la ukali uja, kwezani mid, chepetsani bass ya pa gitala kuti musiyire wabesi malo ake. Magitala akakhala awiri, asamveke mofanana, wina akhale wakuthwa wina wonenepa.

Wabesi achenjere ndi ngodya. Ampulifaya ya besi ikakhala pakona, makoma awiri ndi pansi zimakuza mawu otsika, ndipo siteji yamatabwa yamphako imawonjezera kunjenjemera. M'chipinda chaching'ono besi imaunjikana pena, pena n'kusowa, moti inu mutha kukhala pamalo posamveka pamene mabotolo a pa kauntala akuvina. Mawu otsika ndi amenenso amadutsa khoma kukafika kwa wogona nyumba yoyandikana, amene mawa lake adzadandaule. Mukalephera kudzimva, onjezani mid, osati volume. Wa pa mikisa akakupatsani DI box, kabokosi kolumikiza besi ku mikisa mwachindunji, landirani.

Zonse zikalowa, yimbani theka la nyimbo yaphokoso kwambiri imene muli nayo. Mmodzi wa inu, kapena mnzanu wodalirika, akaime pa kauntala. Mayeso ndi awiri. Kodi mawu a nyimbo akumveka, liwu ndi liwu, kumbuyo kwa chipinda? Kodi munthu angaitanitse mowa osafuula m'khutu mwa wogulitsa? Limodzi likakanika, tsitsani zida, osati kukweza woyimba. Kumbukirani kuti chipinda chopanda anthu chimabweza mawu kwambiri. Chikadzaza, matupi ndi zovala zimamwa mawu akuthwa ndipo zonse zimamveka zofewerapo. Musasinthe zambiri chifukwa cha mmene chipinda chopanda anthu chikumvekera.

Mukagwirizana, matani katepi pa batani la volume posonyeza pamene lili. Pali chifukwa. Makutu amatopa ndi phokoso, ndipo pofika pakati pa mndandanda wa nyimbo zanu chilichonse chimamveka ngati chatsika. Wagitala amakweza pang'ono, wabesi amamutsatira, wang'oma amawonjezera dzanja, woyimba amayamba kukuwa, pomaliza mawu amuthera. Palibe chidatsika, makutu anu ndi amene atopa. Khulupirirani tepi. Ndipo wa pa mikisa akakukodolani kuti mutsitse, tsitsanidi. Kugwira batani osalisuntha n'kugwedeza mutu timakuona, takuonapo kambirimbiri.

Za makutuzi si nkhambakamwa. Bungwe la NIOSH la ku United States, loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito, limati malire a phokoso pa ntchito ndi ma decibel 85 kwa maola 8, ndipo pa ma decibel 3 alionse owonjezera nthawi imadulidwa pakati: 88 maola 4, 94 ola limodzi, 100 mphindi 15 zokha. Mu 2022 bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, lidatulutsa muyezo wa malo a zoyimbayimba wakuti phokoso lisapitirire ma decibel 100 poliyeza kwa mphindi 15. Bandi ya rock pa kasiteji kothina imafika pamenepo mosavuta. Inu mukhalapo mphindi 40, wa pa kauntala amakhalapo mabandi atatu, mausiku angapo pa sabata. Gulani zotseka m'makutu za oyimba, zimene zimatsitsa phokoso popanda kubunthitsa mawu, ndipo muzolowere kuyeseza mutavala. Kulira kwa m'makutu kumene mumagona nako mukachoka koyimba ndi chizindikiro chakuti mwapyola.

Nthawi zina soundcheck yonseyi sipezeka, makamaka ngati muli bandi yapakati. Mumangopatsidwa line check, kuyesa kuti waya uliwonse ukugwira, mphindi zisanu anthu akuyang'ana. Zikatero yambani motsika kuposa mmene mukuganizira. Kukweza pa nyimbo yachiwiri n'kosavuta. Amene wathawa pa nyimbo yoyamba sabwerera.

8. Muli pa siteji

Chunani mwakachetechete. Pakati pa nyimbo manja achoke pa zida, kukwapulakwapula gitala pamene woyimba akulankhula kumatopetsa aliyense. Tchulani dzina la bandi momveka, koyambirira ndi komaliza, chifukwa theka la anthu m'chipindamo silikudziwani. Wina akalakwitsa, musamuyang'ane, anthu ambiri sadamve mpaka nkhope zanu zitawauza. Nsambo ikaduka, malizani nyimbo, sinthani gitala, ena apitirize kucheza ndi anthu.

Okhala pa kauntala atakufulatirani musawanyoze pa maiki. Iwo adalipo inu musanabwere, ndi amene amasunga bala imeneyo miyezi imene kulibe bandi yokoka anthu. Akatembenuka pa nyimbo yachinayi, mwachita bwino. Ngati kwabwera anthu asanu ndi atatu okha, yimbirani asanu ndi atatuwo mokwanira, wosankha mabandi ndi mmodzi mwa iwo.

Mowa wanu udikire mumalize. Botolo lisakhale pamwamba pa ampulifaya, makamaka yobwereka. Ndipo wa pa mikisa akakweza chala chimodzi, yatsala nyimbo imodzi, osati ziwiri zolumikiza.

9. Kutsika

Changeover, nthawi yosinthana mabandi, imakhala mphindi 10 kapena 15. Nyimbo yomaliza ikangotha, chotsani zida pa siteji kaye monga zilili, mukapindire mawaya ndi kumasula ma cymbal pambali. Anzanu obwera kudzakuyamikirani adikire pang'ono. Thandizani bandi yotsatira kukweza katundu ngati akufuna. Mukabwereka ng'oma, bwezerani chilichonse pamsinkhu pamene mudachipeza, ndipo ngati mwaswa kanthu nenani nokha mwini wake asanaone.

Khalani muonere mabandi enawo, ndipo uzani anthu anu akhale. Bandi imene imayimba n'kutuluka ndi gulu lake lonse, kusiyira anzawo chipinda chopanda anthu, imadziwika msanga. Komanso masiku ambiri oyimba mudzawapeza kudzera mwa mabandi anzanu, osati mwa eni mabala.

Munthu mmodzi yekha ndiye akalandire ndalama, pa nthawi imene mudagwirizana, awerenge pomwepo pamaso pa womupatsa. Lipirani ngongole ya zakumwa musanatuluke. Potulutsa katundu usiku musamenyetse zitseko za galimoto kapena kufuula mumsewu, madandaulo a oyandikana nawo amagwera bala, osati inu.

Mawa lake tumizani uthenga wothokoza wa mizere iwiri, n'kufunsa tsiku lina la miyezi iwiri kapena itatu kutsogolo. Musapemphe sabata yamawa, ndipo musakayimbe pa bala ina ya m'dera lomwelo masiku oyandikana ndi tsiku limene mwapatsidwa, chifukwa anthu anu 20 aja ndi omwewo ndipo sangatuluke kawiri.